Chipale chofewa chambiri chikaloseredwa ku Chamonix, muziwerenganso za zigumukire

Munthu amene walipira kale tikiti ya ndege, malo ogona ndi chiphaso chokwerera m'mapiri a Alps ku Ulaya amasangalala kwambiri akaona pa foni kuti kumene akupitako kugwa chipale chofewa chokwana masentimita 60 kapena 80. Chisangalalo chimenechi ndimachimvetsa, pakuti pa masewera a ski, otsetsereka pa chipale munthu atamanga timatabwa titalititali kumapazi, palibe chokoma kuposa kutsetsereka pa chipale chatsopano, chopepuka ngati ufa wosefa, chimene sichinapondedwepo ndi munthu aliyense. Koma ine amene ntchito yanga ndi kuwerenga zanyengo ndimada nkhawa ndikaona anthu akukondwera ndi nambala imodzi yokhayo, chifukwa masiku awiri kapena atatu otsatira kugwa kwa chipale chambiri ndi amenenso phiri limakhala loopsa koposa chifukwa cha zigumukire za chipale. Ndifotokoza nkhaniyi potengera Chamonix, tauni ya ku France yomwe ili m'munsi mwa phiri la Mont Blanc, kumene kunachitikira mpikisano woyamba wa Olimpiki wa nyengo yozizira mu 1924.

Nambala ya masentimita imene foni ikuonetsa kutatsala sabata yathunthu si lonjezo ayi. Malo olosera zanyengo, monga ECMWF yomwe likulu lake lili ku Reading, ku England, sayendetsa ulosi kamodzi kokha. Makompyuta awo amabwereza ulosi womwewo maulendo pafupifupi 50, ulendo uliwonse atasintha pang'ono chabe chithunzi cha mmene mlengalenga mulili lero, ndipo akatswiri amayang'ana ngati mayankho onsewo akuloza kumodzi kapena akumwazikana. Foni yanu nthawi zambiri imangosankha yankho limodzi n'kulionetsa ngati lotsimikizika. Kutatsala masiku asanu ndi awiri tingathe kunena kuti mkuntho ukubwera, koma kuchuluka kwa chipale pa phiri lakutilakuti kumayamba kudalirika kutatsala masiku awiri kapena atatu basi.

Chinanso chimene nambala imodzi imabisa ndi kutalika kwa malo. Tauni ya Chamonix ili pa mamita 1,035 kuchokera pa nyanja, pamene Aiguille du Midi, nsonga imene chikepe choyenda pa zingwe chimafikako kuchokera m'tauni momwemo, ili pa mamita 3,842. Kawirikawiri mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 0.65 pa mamita 100 alionse amene munthu wakwera, choncho malo awiriwa angathe kusiyana ndi madigiri 18. Mtambo womwewo ukhoza kugwetsa mvula m'tauni, chipale cholemera ndi chonyowa pakatikati, ndi chipale chouma pamwamba. N'chifukwa chake ulosi wabwino umatchula malire a mvula ndi chipale, ndipo malirewo amakhala mamita mazana angapo kunsi kwa pamene pali digiri 0. Pa chipale wamba chatsopano, milimita imodzi ya madzi imapereka pafupifupi sentimita imodzi ya chipale, koma kukazizira kwambiri madzi omwewo amapereka chipale chakuya kuposa pamenepo, ndipo kukafunda amapereka chochepa koma cholemera, chotopetsa miyendo.

Mbali imene mphepo ikuchokera ndi imene imasankha phiri lolandira chipale. Amene anakhalako ku Mulanje kapena ku Thyolo amachidziwa chiperoni, pamene mpweya wachinyezi wochokera kum'mwera chakum'mawa umakakamizika kukwera mapiri, n'kuzizira, n'kusanduka nkhungu ndi mvula yowaza, kwinaku kuseri kwa phiri kuli kouma. Ku Alps kumachitikanso zomwezo, kungoti madziwo amagwa ataundana. Mphepo ikachokera kumadzulo kapena kumpoto chakumadzulo, Chamonix imalandira chipale chochuluka. Ikachokera kum'mwera, chipalecho chimagwera ku Courmayeur, mbali ya Italy, ndipo Chamonix imalandira mphepo yofunda ndi yamphamvu yotchedwa föhn, imene imasungunula chipale ndi kuimitsa zikepe, ngakhale kuti zigwa ziwirizi zimalumikizidwa ndi msewu wapansi pa phiri wa makilomita 11.6 okha.

Tsopano tifike pa nkhani imene ikundilembetsa zonsezi, ya chigumukire cha chipale. Chipale chimene chili pa phiri si chinthu chimodzi chogwirana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Chili ndi magawo osanjikizana, gawo lililonse lochokera ku mkuntho wake, ndipo pakati pa mikuntho pamwamba pake pamasintha. Usiku wozizira wopanda mitambo umapanga timakristalo tonga nthenga pamwamba, kuzizira kwa nthawi yaitali kumasandutsa chipale chakale kukhala timibulu tosagwirana tonga shuga, ndipo dzuwa kapena mvula zimasiya khungu losalala ngati galasi. Chipale chatsopano chikagwa pamwamba pa gawo lofooka loterolo, chimakhala ngati matiresi oikidwa pa nyemba zomwazika pansi potsetsereka. Kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kuthyola gawo lofookalo, mng'alu umathamanga mamita ambiri m'kanthawi kochepa, ndipo chibenthu chonse chimatsetsereka pamodzi, munthuyo ali pakati pake.

Akatswiri a bungwe la SLF ku Davos, ku Switzerland, amene akhala akufufuza za chipale ndi zigumukire kuyambira m'zaka za m'ma 1930, amaphunzitsa kuti kuchuluka koopsa kwa chipale chatsopano kumadalira mmene chagwera. Ngati chagwa ndi mphepo yamphamvu, kukuzizira kwambiri, pamwamba posalala, masentimita 10 mpaka 20 okha ndi okwanira kubweretsa ngozi. Ngati chagwa mofatsa pamalo pogwira bwino, ngozi imayamba pa masentimita 30 mpaka 50. Taonani tsono kuti masentimita 60 kapena 80 amene akukusangalatsani aja apitirira malire onsewa. Mphepo ndi imene imaipitsa zinthu, chifukwa imasesa chipale mbali imodzi ya mtunda n'kukachiunjika mbali inayo, chitapanikizika ndi kugwirana, kotero kuti pamene pagwa masentimita 30 kuseri kwa mtunda kungathe kuunjikana mita yathunthu. Zigumukire zambiri za mtundu umenewu zimayamba potsetsereka madigiri 30 mpaka 45, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti kutsetsereka kumeneku ndi komwenso odziwa ski amakukonda.

Mayiko a ku Ulaya anagwirizana mu 1993 kuti azilengeza ngozi ya zigumukire pa muyeso umodzi wa masitepe asanu, kuyambira 1, ngozi yochepa, mpaka 5, ngozi yaikulu koposa. Alendo ambiri amaona 3 n'kuganiza kuti ili pakatikati, ndiye kuti zinthu zili bwinoko, ndipo apa ndi pamene ndimafuna kuti owerenga andimvetsetse. Pafupifupi theka la anthu amene amafa ndi zigumukire amafa pa sitepe 3. Pa 4 ndi 5 anthu amaopa okha ndipo malo ambiri amatsekedwa, koma pa 3 dzuwa limakhala litatuluka, chipale chikunyezimira, ndipo palibe chimene maso akuona chosonyeza kuti pansi pali gawo lofooka. Komanso pa ngozi zambiri, pafupifupi zisanu ndi zinayi pa khumi zilizonse, chigumukire chimayambitsidwa ndi wokwiririkayo kapena mnzake wa m'gulu lomwelo.

Anthu a ku Chamonix saiwala tsiku la 9 February 1999, pamene patatha masiku angapo chipale chikugwa mosalekeza, chigumukire chinatsika n'kuphwasula nyumba m'mudzi wa Montroc, kumtunda kwa chigwa, n'kupha anthu 12. Patangopita milungu iwiri, pa 23 February, china chinapha anthu 31 ku Galtür, ku Austria. Kale, pa 10 February 1970, anthu 39 anafa ku Val d'Isère, ku France, chigumukire chitalowa m'nyumba yogonamo achinyamata nthawi ya chakudya cham'mawa. Ngozi zimenezi zinasinthitsa malamulo a kamangidwe ndi njira zochenjezera anthu, ndipo masiku ano wogona m'mudzi ndi wotetezedwa kuposa kale. Amene ali pa ngozi kwenikweni lero ndi wosewera ski amene wadumpha chingwe cha malire.

Malirewo ndi ofunika kuwamvetsa. Njira zokonzedwa, zimene kumeneko amazitcha piste, zimayang'aniridwa ndi antchito otchedwa pisteurs. Usiku kukagwa chipale chambiri, iwo amakwera m'mbandakucha kukaphulitsa mabomba pamalo odziwika, kapena kugwiritsa ntchito mapaipi otchedwa Gazex amene amaphulitsa mpweya wosakaniza wa propane ndi okosijeni, kuti zigumukire zitsike njira zili zopanda anthu. Mukamva kugunda ngati mizinga m'mawa, dziwani kuti ndi ntchito imeneyo. Zotsatira zake n'zakuti tsiku loyamba zikepe zam'mwamba zimatsegulidwa mochedwa kapena sizitsegulidwa n'komwe, ndipo mlendo amene amayembekezera tsiku lopambana la tchuthi chake amapezeka ali pamzere m'munsi. Ndimaona kuti ndi bwino kudziwiratu zimenezi, chifukwa munthu wokhumudwa ndi wofulumira ndi amene amalowa pansi pa chingwe. Njira yotsekedwa siinatsekedwe pofuna kuvutitsa mlendo, ndipo mita imodzi kunja kwa mitengo yosonyeza malire palibe amene wakutsimikizirani chitetezo.

Pali vuto linanso la tsiku limene chipale chikugwa, losaoneka loopsa koma lopweteketsa anthu ambiri. Pamwamba pa phiri pamene mitengo simera, mtambo ndi nthaka zimakhala zoyera mofanana, mithunzi imatha, ndipo maso amalephera kusiyanitsa chitunda ndi dzenje. Ena amachita chizungulire n'kugwa ali chiimire, osadziwa ngati akuyenda kapena aima. Tsiku loterolo anthu odziwa chigwachi amapita ku Les Houches, kumene njira zambiri zimadutsa m'nkhalango, chifukwa mitengo imapatsa maso poyerekezera ndipo imatchinga mphepo.

Wofunitsitsa kulawa chipale chatsopano kunja kwa piste ayenera kulemba ntchito mtsogoleri wa m'mapiri wovomerezeka, ndipo ku Chamonix bungwe lawo, Compagnie des Guides, lakhalapo kuyambira 1821. Aliyense m'gulu amavala pathupi kachipangizo kotumiza ndi kulandira chizindikiro cha wailesi pa 457 kHz, kothandiza kupeza munthu wokwiririka, ndipo amanyamula fosholo ndi ndodo yopindika yofufuzira. Chifukwa chake ndi nthawi. Mwa anthu okwiririka amene afukulidwa mphindi 15 zisanathe, pafupifupi asanu ndi anayi pa khumi amapezeka amoyo, koma pofika mphindi 35 amoyo amatsala pafupifupi atatu pa khumi, ambiri atafa chifukwa chosowa mpweya. Chipale cha chigumukire chikaima chimalimba, sichikumbika ndi manja, ndipo helikopita ya opulumutsa, ngakhale mutaimba 112, nambala ya foni ya pangozi, nthawi yomweyo, kawirikawiri imafika nthawi yabwinoyo itatha kale, ndiponso mu mtambo singauluke. Wokupulumutsani ndi mnzanu amene anayeserera kufufuza ndi kukumba asanakwere. Njira yotchuka ya Vallée Blanche, ya makilomita pafupifupi 20 kuchokera pa Aiguille du Midi, ili ndi ngozi yowonjezera, chifukwa imadutsa pamwamba pa madzi oundana okhala ndi ming'alu yakuya, ndipo chipale chatsopano chimaphimba ming'aluyo ndi timilatho tosalimba.

Za ulendo weniweniwo ndinena mwachidule. Kuchokera pa bwalo la ndege la Geneva kupita ku Chamonix ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa kukakhala bwino, koma Loweruka la mkuntho, tsiku limene alendo amasinthana, ulendowo umatalika kwambiri. Lamulo la ku France limafuna kuti kuyambira 1 November mpaka 31 March galimoto yolowa m'madera a mapiri ikhale ndi matayala a nyengo yozizira kapena inyamule matcheni, choncho wobwereka galimoto afunse zimenezi asanasaine. Chipale chimathanso kutsekera anthu mkati, monga mu January 2018 pamene alendo pafupifupi 13,000 anakanika kutuluka ku Zermatt, ku Switzerland, njanji ndi msewu zitatsekedwa chifukwa choopa zigumukire. Wokhala ndi mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku anyamule owonjezera, ndipo aliyense awerenge inshuwalansi yake, pakuti ku France kunyamulidwa pa piste munthu atavulala kumalipiritsidwa, khadi la GHIC, lolandirira chithandizo cha kuchipatala la okhala ku Britain, sililipira zimenezo, ndipo mapepala ambiri a inshuwalansi amakana ngozi ya kunja kwa piste ngati panalibe mtsogoleri.

Bungwe la zanyengo la Météo-France limatulutsa chikalata cha ngozi ya zigumukire cha dera la Mont Blanc masana alionse cha m'ma 4 koloko, cholosera za mawa lake. Musangowerenga nambala ya sitepe, koma muwerengenso mawu a pansi pake, chifukwa ndi amene amatchula kutalika kumene ngozi ikuyambira, mbali za phiri zimene mphepo yaunjikako chipale, ndi ngati pansi pali gawo lofooka lakale. Gawo lakale loterolo ndi limene limandidetsa nkhawa koposa, chifukwa ngozi ya chipale chatsopano imachepa patapita masiku angapo chikakhazikika, pamene gawo longa shuga lokwiririka lingathe kukhala lofooka kwa milungu ingapo, nthawi zina mpaka kumapeto kwa nyengo, makamaka mbali za phiri zoyang'ana kumpoto kumene dzuwa silifikako.