Swaledale, chigwa chimene anthu a mtovu anachisiya

Ukaima pamtunda wa mudzi wa Muker m'mwezi wa Juni, maso amakhuta. Minda ya udzu imakhala itadzaza maluwa achikasu, mipanda ya miyala yosanja popanda matope kapena simenti ikukwera mapiri, ndipo pafupifupi m'munda uliwonse muli kanyumba ka miyala koima pakokha. Kumunsi mtsinje wa Swale ukuthamanga, madzi ake ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka chifukwa cha dothi lakuda la m'madambo a kumtunda. Kumakhala zii, kungomveka nkhosa ndi mphepo. Mlendo angaganize kuti Swaledale, chigwa cha kumpoto kwa Yorkshire ku England, chakhala chete chonchi chiyambire. Sichoncho ayi. Zaka 200 zapitazo kuno kunali utsi, kulira kwa nyundo ndi anthu ochuluka kuposa lero, ndipo zambiri zimene alendo amajambula masiku ano zinamangidwa ndi manja a anthu okumba mtovu.

Chigwachi chimayambira kumtunda kwa kamudzi ka Keld n'kutsetserekera kum'mawa, kudutsa Thwaite, Muker, Gunnerside, Low Row, Reeth ndi Grinton mpaka ku tawuni ya Richmond. Mayina a midzi ya kumtunda anasiyidwa ndi anthu ochokera ku Scandinavia omwe anakhazikika kuno zaka zoposa 1,000 zapitazo. Keld ndi kasupe, Muker ndi munda wopapatiza, Gunnerside ndi busa la munthu wina dzina lake Gunnar. Anali abusa a ziweto, ndipo kuzizira kwa kuno sikunalole ulimi wina wodalirika.

Njira yakale imene imandigwira mtima kwambiri si ya mgodi, koma ya maliro. Kwa zaka mazana ambiri manda odalitsidwa a anthu onse a kumtunda kwa chigwachi anali pa tchalitchi cha St Andrew ku Grinton. Munthu akamwalira ku Keld, adzukulu ankasenza mtembo m'dengu lalitali loluka, chifukwa bokosi la matabwa likanawalemera, n'kuyenda nawo makilomita pafupifupi 26, kukwera phiri la Kisdon n'kutsikira tsidya lina. Ulendowo unkatha kutenga masiku awiri. Pa mlatho wa Ivelet pakadali mwala wafulati womwe anthu amati ankatulapo maliro kuti apume. Mavutowa anachepa mu 1580, pamene ku Muker kunadalitsidwa tchalitchi chokhala ndi manda ake. Njirayo anthu amaitchabe Corpse Way, ndipo mbali zina zimayendeka mpaka lero.

Koma nkhani yaikulu ili m'makwawa a kumpoto kwa mtsinje. M'miyala ya mapiri amenewa mumadutsa mitsempha ya mwala wolemera, wotuwa, wonyezimira, wotchedwa galena, womwe ukasungunulidwa umatulutsa mtovu. Anthu anayamba kuukumba kalekale, koma ntchito inakula m'zaka za m'ma 1600, pamene banja la Lord Wharton linkayendetsa migodi yambiri, ndipo inafika pachimake kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1800. Mtovu unkafunika pofolera matchalitchi ndi nyumba zikuluzikulu, popanga mipope ya madzi, penti ndi zipolopolo.

Njira ina yopezera mwalawu ndiyo inasintha nkhope ya mapiri. Ankamanga damu la dothi ndi zibuma pamwamba pa phiri, madzi n'kudzaza, kenako n'kuligumula. Madzi aja ankatsika ndi ukali, kukokolola dothi ndi miyala, n'kusiya mtsempha wa mtovu poyera. Amuna ankalowa ndi mapiki n'kugumula zimene zaoneka, kenako n'kutsekanso damu. Kubwereza zimenezi kwa zaka zambiri kunang'amba zigwembe zakuya zomwe kumeneko amazitcha hush. Ukalowa m'khwawa la Gunnerside Gill umaziona zitayang'anizana: Bunton, Friarfold ndi Gorton mbali ya kum'mawa, North Hush tsidya linalo. Wosadziwa angati ndi ntchito ya chivomezi kapena napolo, koma ndi anthu, mafosholo ndi madzi.

Pambuyo pake anayamba kuboola ngalande zopingasa zolowa m'kati mwa phiri, zotsetsereka pang'ono kuti madzi azituluka okha, ndipo mahatchi ankakoka ngolo za miyala pa tinjanji. Okumba sankalembedwa ntchito ya pamwezi monga tidziwira lero. Ankapangana m'timagulu, nthawi zambiri bambo, ana ake ndi abale, n'kugwirizana mtengo ndi kapitawo wa mgodi. Malipiro ankatengera kuchuluka kwa mwala woyeretsedwa, poyeza ndi muyezo wotchedwa bing, womwe ndi makilogalamu pafupifupi 400. Gulu likagwera pa mtsempha wonona linkapeza bwino. Likagwera pouma linkagwira miyezi yathunthu n'kutsala ndi ngongole. Ankaunikira ndi makandulo a mafuta a nyama omatidwa ndi dongo, mpweya unali wochepa, fumbi la miyala ndi utsi wa wonga zinkalowa m'mapapo. Ambiri ankamwalira ndi chifuwa asanafike zaka 50.

Kunja kwa mgodi kunali amayi ndi ana. Iwo ndiwo ankaphwanya miyala ndi nyundo zafulati n'kuitsuka m'madzi ozizira kuti mtovu, poti ndi wolemera, utsalire pansi. Kuchoka apo mwala unkapita ku ng'anjo. Mabwinja otchuka kwambiri ndi a Old Gang, pakati pa Gunnerside ndi Reeth. Pamenepo chumuni chikadali chiimire, ndipo pamtunda pake pali mizere iwiri ya zipilala za miyala yotalika mamita pafupifupi 120. Inali nkhokwe yofoleredwa, yopanda makoma m'mbali kuti mphepo izipita, yosungiramo dothi lakuda la m'madambo lija, lomwe likauma limayaka ngati nkhuni. Ankalidula nyengo yotentha ikamayamba, lokwanira chaka chonse. Gudumu loyendetsedwa ndi madzi linkapopa mvukuto. Utsi wa ng'anjo unali ndi poizoni wopha udzu ndi ziweto, komanso unkathawitsa mtovu wina, choncho anamanga ngalande zautsi zazitali zokwawa m'phiri mpaka pamwamba. Mtovu unkamatirira m'makoma a ngalandezo, ndipo nthawi ndi nthawi ankatumamo anthu, kawirikawiri anyamata, kukaupala. Ndikaganiza za mwana akukwawa mumdima umenewo, mabwinja aja sindingawaone ngati malo ongojambulirapo zithunzi. Zitsulo zikaumbidwa zinkasenzedwa pa timahatchi kupita ku Richmond ndi ku doko la Stockton, mpaka sitima ya pamtunda inafika ku Richmond mu 1846.

Tsono tinyumba ta m'minda tija tikukhudzana bwanji ndi zonsezi? Malipiro a mgodi anali osadalirika, ndiye banja lililonse linkayesetsa kukhala ndi kamunda kapena tiwiri ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri. Udzu ukadulidwa n'kuuma ankausunga m'kanyumba ka m'munda momwemo, ng'ombe n'kugona mbali ina ya kanyumbako nyengo yonse yachisanu, ndipo manyowa ankabwerera m'munda womwewo. Sipankafunika kusenza udzu mtunda wautali. Mwini wake ndiye ankayenda, m'mawa ndi madzulo, kukadyetsa ndi kukama, asanapite ku mgodi ndi pobwerako. Kuchuluka kwa mabanja otere kunathandiza kuti minda igawike tizidutswatizidutswa ndi mipanda ichuluke chotere. Ndalama ina inkachokera ku kuluka masokosi a ubweya wa nkhosa, ndipo amuna omwe ankaluka, ena akuyenda panjira yopita kuntchito. Tinjira timene anthu oyenda mokasangalala amatsata lero, todutsa pa timipata topapatiza ta m'mipanda, tambiri ndi tomwe anthuwa ankapitira ku mgodi, ku khola ndi ku tchalitchi.

Pamene pali chuma mkangano sulephera. Pamwamba pa Keld pali mabwinja a nyumba yotchedwa Crackpot Hall, pafupi ndi mgodi wa Beldi Hill. Mu 1738 Thomas Smith anagula malo a banja la Wharton m'derali, koma mtovu wa pansi pa mabusa a anthu onse sunagulitsidwe nawo, ndipo pambuyo pake unadzakhala m'manja mwa Lord Pomfret. Mgodi wa Beldi Hill utayamba kubala, funso linali lakuti malowo ndi mbali ya famu ya Crackpot Hall, kutanthauza a Smith, kapena ndi busa la onse, kutanthauza kuti mtovuwo ndi wa Pomfret. Cha m'ma 1770 anthu a mbali ziwirizi ankagumulirana ngalande za madzi, kupatutsirana madzi m'migodi, ngakhale kugwirana m'khosi. Mlandu unayenda m'makhoti mpaka ku London, ndipo Smith ndiye anapambana. Nyumba ya Crackpot Hall inakhalabe ndi anthu mpaka m'ma 1950, pamene nthaka yofukulidwa pansi pake inayamba kutitimira, makoma n'kung'aluka.

Kugwa kwa migodi kunabwera kawiri. Mitengo inatsika cha m'ma 1830, mabanja ambiri n'kunyamuka. Ntchito inadzukanso, koma pofika m'ma 1880 mtovu wotchipa wochokera ku Spain ndi maiko ena unadzaza msika, pamene mitsempha yosavuta ya kuno inali itatha. Anthu anapita ku mafakitale a thonje a ku Lancashire, ku migodi ya malasha ya ku Durham, ena kuwoloka nyanja kukakumba mtovu ku America, ku Wisconsin ndi ku Dubuque m'chigawo cha Iowa. Midzi ina inataya anthu opitirira theka. Mukaona tchalitchi chachikulu cha Methodist ku Gunnerside, chomangidwa mu 1866, mudzadabwa kukula kwake poyerekeza ndi kamudziko. Chinamangidwira khamu limene patangopita zaka makumi awiri linali litabalalika. Otsala anagwira nkhosa, ndipo mtundu wa nkhosa za nyanga zopota ndi nkhope yakuda wotchedwa Swaledale ndiwo uli pa chizindikiro cha Yorkshire Dales National Park, dera lotetezedwa momwe muli chigwachi, lomwe linakhazikitsidwa mu 1954. Bandi ya malipenga ya ku Muker, yomwe inayamba mu 1897, ikuimbabe.

Lero chigwachi chimadya za alendo oyenda pansi. Ku Keld kumakumana njira ziwiri zotchuka. Pennine Way, yotsegulidwa mu 1965, ya makilomita 431, imatsika phiri la Great Shunner Fell la mamita 716, kudzera ku Thwaite ndi Keld, n'kukwera ku Tan Hill Inn, malo omwera ndi ogona omwe ali pamwamba kuposa ena onse ku Britain, pa mamita 528. Inayo ndi ya Coast to Coast, yomwe Alfred Wainwright, wolemba mabuku a maulendo a pansi, anaikonza mu 1973, yochokera ku St Bees kugombe la kumadzulo mpaka ku Robin Hood's Bay kum'mawa, ndipo Keld ili pafupifupi pakati pake. Wofuna ulendo wa tsiku limodzi angazungulire kuchoka ku Muker kupita ku Keld n'kubwerera tsidya lina la mtsinje, makilomita ngati 10, akuona mathithi a Kisdon Force ndi East Gill Force. M'minda ya maluwa ya ku Muker muli njira yoyalidwa miyala, ndipo alimi amapempha kuti anthu aziyenda mondondozana osaponda udzu, poti ndiwo chakudya cha ziweto m'chisanu.

Kuchoka ku Keld kupita ku Reeth munthu amasankha: kutsata mtsinje, kapena kukwera njira ya kumtunda, ya makilomita pafupifupi 18. Ya kumtsinje ndi yofewa ndi yokongola, ndipo tsiku la chifunga ndiyo yanzeru. Koma kukacha bwino, ine ndingakulimbikitseni ya kumtunda. Imadutsa pa Crackpot Hall, kukwera khwawa la Swinner Gill, kutsikira ku mabwinja a ng'anjo ya Blakethwaite m'Gunnerside Gill, kukweranso m'mbali mwa zigwembe zija, n'kutulukira pa chipululu cha miyala yophwanyidwa pomwe udzu ukulepherabe kumera bwino mpaka lero, kenako n'kutsikira ku mabwinja a ng'anjo za Old Gang ndi Surrender. Si yokongola ngati minda ya ku Muker, koma popanda kuiona simungamvetse kumene minda ija inachokera. Tengani mapu, jombo zolimba ndi chovala cha mvula, ndipo musayese kulowa m'makomo a migodi, chifukwa matabwa ochirikiza anawola kalekale ndipo muli maenje obisika.

Limodzi mwa makomo amenewo, m'munsi mwa Gunnerside Gill, ndi la Sir Francis Level. Sir George Denys anayamba kuboola ngalande imeneyi mu 1864 pofuna kufika pa mitsempha yakuya pansi pa migodi yakale, ndipo anthu ake anakumba kwa zaka zoposa khumi, akuthandizidwa ndi zoboolera za mpweya zomwe zinali zachilendo m'chigwachi. M'kati mwenimweni anaikamo makina oyendera mphamvu ya madzi, opopa ndi kukweza miyala. Anangogwira ntchito kanthawi kochepa, mitengo ya mtovu n'kugwa. Anawasiya, ndipo akadali momwemo pansi pa phiri.