BP si malungo: lekani kusiya mankhwala chifukwa mutu wasiya kupweteka

Pali yankho limodzi limene landitopetsa m'chipinda chimene ndimaonera odwala BP ndi shuga muno mu Blantyre. Ndikafunsa munthu chifukwa chimene wakhalira miyezi ingapo osabwera kudzatenga mankhwala, amayankha mtima uli m'malo kuti, "Adokotala, ndinaona kuti ndachira." BP sichira ngati malungo. Wodwala malungo amamwa LA m'mawa ndi madzulo kwa masiku atatu, tizilombo n'kufa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mankhwala a BP sapha kachilombo kalikonse. Ntchito yake ndi kuchepetsa mphamvu imene magazi amakankhira mitsempha, ndipo amachita zimenezi pokhapokha ali m'thupi. Mukawasiya, BP imakweranso, koma inu simumva kanthu.

Ambiri amadikira mutu kapena chizungulire kuti adziwe kuti BP yakwera, pamene anthu ochuluka amene ili yokwera amadzuka, kupita ku ntchito ndi kudya nsima bwinobwino. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizidwa ndi bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Chimene chimanena zoona ndi makina oyezera okha. Akamasonyeza 140/90 kapena kuposa apo pa masiku osiyanasiyana, vuto lilipo, kaya mukumva bwino kaya ayi.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandivutabe mumtima. Anali wa zaka za m'ma 50, wogulitsa kaunjika, ndipo pakhomo ponse, ana ndi zidzukulu zomwe, pankadalira iyeyo. Anafika atanyamulidwa pakamwa patapotoka, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa, mawu osatuluka. Mwana wake wamkazi anandipatsa buku la kuchipatala lokulungidwa mu jumbo. Mkati munalembedwa bwinobwino kuti BP inapezeka yokwera miyezi ingapo m'mbuyomo, ndi mawu achidule akuti "HCTZ 25mg od", kutanthauza mankhwala a BP otchedwa HCTZ, akumwa kamodzi pa tsiku. Mayiyo anamwa mapilitsi a mwezi umodzi onse osadumphitsa ngakhale tsiku, ndipo atatha anakhulupirira kuti wamaliza, monga mmene amamalizira mankhwala ena onse. Kenako anagula botolo la madzi akuda kwa munthu wina amene ankayenda mumsika. Mwanayo anati, "Adokotala, amayi ankati botolo lija lawatsuka magazi." Sitiroko itagwa, achibale anakhala naye masiku pakhomo akukangana kuti wamulodza ndani, ndipo ena ankaloza mnzake wogulitsa naye pafupi. Mayiyu sanali wosamvera. Anachita zonse zimene anamva, koma panalibe amene anaonetsetsa kuti wamva kuti mankhwalawa ndi a tsiku lililonse, mwina moyo wake wonse. Anapulumuka, koma kumsika sanabwererenso.

Apa ndiyankhule kwa anzanga azaumoyo, anamwino, madokotala ndi ogawa mankhwala pawindo. Funso lakuti "Mwamva?" silitithandiza. Munthu wamkulu amene wakhala pamzere kuyambira m'bandakucha, ndipo akuona khamu kumbuyo kwake, amangoti "Eee" chifukwa cha ulemu. M'malo mwake tinene kuti, "Amayi, tandiuzeni mmene mukamwere mankhwalawa mukafika kunyumba, ndipo akatsala pang'ono kutha mudzatani?" Yankho lake limaonetsa msanga pamene pasokonekera. Ndikudziwa kuti mizere ya pa zipatala za ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Limbe ndi Chilomoni ndi yaitali, koma funso limeneli silitha mphindi ziwiri, pamene wodwala sitiroko amafuna womusambitsa ndi kumudyetsa kwa zaka. Timuuzenso munthu nambala yake ya BP ndi tanthauzo lake, osangoilemba m'buku mwa Chingerezi chachidule chimene ngakhale mwana wake wa ku sekondale sangachimasulire. Alangizi a zaumoyo, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ndi amfumu akamayankhula pa misonkhano, uthenga ukhale womwewu.

Ena amasiya mankhwala chifukwa akuwasowetsa mtendere, ndipo zimenezi ndi zoona. HCTZ imakodzetsa pafupipafupi, n'chifukwa chake imamwedwa m'mawa. Amlodipine imatupitsa mapazi kwa ena, ndipo enalapril imabweretsa chifuwa chouma kwa ena, komanso siyenera mayi woyembekezera. Zikatero bwererani mudzanene kuti tisinthe, chifukwa mitundu ya mankhwala ilipo ingapo. Akasowa pa chipatala chanu, funsani dzina lake ndi mlingo wake kuti mukagule ku famase yovomerezeka, m'malo mobwereka mapilitsi a mnansi.

Za ogulitsa mabotolo ndinena mosabisa. Aliyense amene akulonjeza kuti mankhwala ake amachiza BP, shuga, khansa ndi kusabereka nthawi imodzi akufuna ndalama zanu basi, kaya akulengeza pa chimkuzamawu mumsika wa Limbe, mu minibasi, kapena pa WhatsApp ndi Facebook. M'dziko muno mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo botolo lopanda dzina la wopanga ndi zimene zili mkati palibe amene angakutsimikizireni kuti silivulaza. BP yosasamalidwa imawononga kale impso mwakachetechete, ndiye kuthirapo zinthu zosadziwika, kapena kumwa Brufen ndi diclofenac tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana, n'kufulumizitsa ngoziyo. Makina otsuka magazi a anthu amene impso zawo zafa ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo botolo la mumsika silingalowe m'malo mwake. Mchere nawo uchepe: WHO imati usafike magalamu 5 pa tsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi umene uli m'tizokometsera ndiwo ta m'sitolo. Soda wa mu therere nayenso angakweze BP.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuchedwa. Mukaona wachibale pakamwa papotoka mwadzidzidzi, dzanja kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka, kapena mawu akutuluka mosamveka, musadikire kuti kuche, musadikire amalume kuti adzapereke chilolezo, ndipo musamumwetse phala kapena mankhwala, chifukwa angatsamwe zinthuzo n'kulowa m'mapapo. Mugonekeni cham'mbali, pezani galimoto nthawi yomweyo, ndipo pitani naye ku chipatala chapafupi kapena ku Gulupu (chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth), mutatenga buku lake la kuchipatala ndi chilichonse chimene wakhala akumwa, botolo la mumsika lomwe.