Kuwerenga zizindikiro za pa mfuti ya 303

Munthu akandionetsa mfuti yakale n'kufunsa kuti ndi ya liti, sindiyamba ndi thabwa lake. Thabwa amasintha likasweka, koma zimene anadinda pa chitsulo zimakhalapobe.

Titenge Lee-Enfield, ija ambiri amangoti 303, imene asilikali a King's African Rifles, gulu la nkhondo la nthawi ya atsamunda, ankanyamula. Pa mtundu wa SMLE Mk III, umene unayamba mu 1907, yang'anani mbali ya kumanja, pa chitsulo chimene chimalumikiza thabwa loika paphewa ndi thupi la mfuti. Pamwamba pali chisoti chachifumu, m'munsi mwake zilembo za mfumu: ER ndi Edward VII, amene anamwalira mu 1910, GR ndi George V kapena George VI. Kenako dzina la fakitale, monga Enfield, BSA ya ku Birmingham kapena LSA ya ku London, ndiye chaka. Mukaona GRI, dziwani kuti inapangidwa ku Ishapore, ku India. Kanyenyezi kotsatira III kakutanthauza kuti ndi ija anaichotsera zina ndi zina nkhondo yoyamba ya padziko lonse ili mkati, kuti azipanga zambiri mofulumira.

Chaka chimenecho musachikhulupirire chokha. Mfuti ya boma inkabwerera kukakonzedwa, ndipo zilembo FTR zimasonyeza kuti inakonzedwa yonse ku fakitale, mwina patapita zaka 30. Ndiye yerekezani nambala: ya pa thupi, ya pa mpope ndi ya pa chokokera ziyenera kufanana. Zikasiyana, ndiye kuti anaphatikiza ziwalo za mfuti zingapo, ndipo mtengo wake kwa osonkhanitsa zakale umatsika.

Kamuvi ka mizere itatu, kooneka ngati phazi la nkhuku, ndi chidindo cha katundu wa boma la Britain. Timivi tiwiri toyang'anizana ndiye kuti boma linaigulitsa.

Pali zilembo ziwiri zimene ndimafuna aliyense azidziwe ngakhale ataiwala zonsezi: DP. Mfuti yotere anaipatula kuti izingogwira ntchito yophunzitsira perete, kawirikawiri chifukwa inatha kapena inali ndi chilema. Kuikamo chipolopolo n'kuika nkhope yanu pachiswe, ngakhale iwale chotani.

Zachinyengo nazo zilipo. Amisiri a ku Khyber Pass, m'malire a Pakistan ndi Afghanistan, akhala akusula mfuti zotengera za Angerezi pamodzi ndi zidindo zomwe. Amagwidwa ndi tinthu tating'ono: N wolembedwa chagada m'mawu akuti ENFIELD, kapena VR, zilembo za Mfumukazi Victoria, pamwamba pa chaka chimene mwiniwakeyo anali atamwalira kale, poti iye anatisiya mu 1901.

Mukaipeza m'katundu wa malemu agogo, musaipale ndi sandipepa pofuna kuona bwino, chifukwa mufufuta zomwe mukufunazo. Ipukuteni ndi kansalu ka mafuta pang'ono, muijambule, ndipo mukaidziwitse polisi, pakuti ukalamba wa mfuti sukulowa m'malo mwa chiphaso.