Kodi wailesi yanu imaidziwa bwanji nthawi?

Mayi wina wogulitsa mandasi anafika pamalo pomwe ndimakonzera mawailesi atakulunga wailesi yake m'chitenje. Atakhala pansi anati, "Bambo, wailesiyi yandigwiritsa fuwa lamoto. Ndinaitchera kuti indidzutse 4 koloko, koma ndadzidzimuka dzuwa litatuluka, ana asukulu atadutsa kale." Mafuta anali atagula, ufa atakanda madzulo, koma malonda a tsiku limenelo anapita.

Sindinamasule ngakhale sikuluwu imodzi. Nditayang'ana pa sikirini ndinaona kadontho kofiira pakona, pafupi ndi zilembo zoti PM. Alamu inali yotcheredwa 4 koloko ndithu, koma ya masana. Wailesiyo inalibe vuto lililonse.

Mawailesi ambiri amene amandibweretsera kuti alamu yafa amakhala otero. Alamu ndi kanthu kosavuta: imangodikira kuti manambala a pa wotchi afanane ndi amene munaiuza, kenako n'kulira. Wotchiyo ikasokera, alamu imasokera nayo. Choncho musanayambe kudina mabatani, dziwani kaye komwe wailesi yanu imatenga nthawi, chifukwa si onse amaitenga kumodzi.

Mawailesi ambiri a pambali pa bedi, aja a manambala ofiira owala usiku, amawerengera nthawi ku magetsi a m'khoma. Magetsi athu, a mavoti 230, amasinthasintha mbali maulendo 50 pa sekondi iliyonse. Wailesi imawerenga kusinthako, ikakwanitsa 50 imati sekondi yatha. Njirayi ndi yolondola kwambiri magetsi akakhala okhazikika, koma imatengera chilichonse chimene magetsiwo achita. Kumayambiriro kwa chaka cha 2018, mawotchi otere m'mayiko ambiri a ku Ulaya anatsalira ndi mphindi pafupifupi zisanu ndi imodzi. Chinachititsa ndi mkangano wa za magetsi pakati pa Serbia ndi Kosovo, umene unatsitsa pang'ono kwambiri liwiro la magetsi pa mawaya amene mayikowo amagawana. Kutsikako kunali kochepa moti babu kapena firiji sizikanakuzindikira, koma mawotchi anakusonkhanitsa kwa masabata angapo mpaka anthu anayamba kuchedwa.

Kuno kwathu zimenezi zimaoneka msanga pa jenereta. Jenereta yaing'ono kawirikawiri siikhazikika pa 50. Ikamathamanga pa 52, wotchi imapitirira ndi mphindi pafupifupi ziwiri ndi theka pa ola lililonse. Mukaisiya usiku wonse, alamu ikudzutsani mofulumira ndi mphindi makumi awiri. Vuto lalikulu kuposa apa lili pa mawailesi ochokera ku America, komwe magetsi ndi a mavoti 120 ndipo amasintha maulendo 60 pa sekondi. Munthu amagula thiransifoma yotsitsa mavoti, wailesi n'kumayimba bwinobwino, koma wotchi imadikirabe kuti iwerenge 60 pomwe ikulandira 50. Imatsalira ndi mphindi khumi pa ola, maola anayi pa tsiku. Mawailesi ena ali ndi kaswichi kunsi kolembedwa 50/60. Ngati yanu ilibe, mverani nyimbo ndi nkhani basi, wotchi yake musaidalire.

Magetsi akathima, wailesi yamtunduwu imaiwala zonse. Akayakanso imayambira pa 12:00, manambala akuphethira. Pali kanthu kothandiza pamenepa: ambiri mwa mawailesiwa amapitiriza kuwerenga kuchokera pa 12:00, ndiye mukapeza ikuphethira 3:20, dziwani kuti magetsi abwera maola atatu ndi mphindi makumi awiri zapitazo.

Kuti isamaiwale, tembenuzani wailesiyo muone kunsi. Mupeza kachitseko ka batire, mwina la mavoti 9 lija la makona anayi, mwina mabatire awiri ang'onoang'ono, mwina kabatire kozungulira ngati kandalama kolembedwa CR2032. Anthu ambiri amene ndimawaonetsa kachitsekoka amadabwa, chifukwa wailesi yakhala m'nyumba zaka zambiri mulibe batire. Ena amaliika, n'kubwerera kudzadandaula kuti magetsi atathima wailesi sinayimbe. Batire limeneli ntchito yake si kuyimbitsa wailesi kapena kuwalitsa sikirini. Limangosunga nthawi ndi alamu mumdima mpaka magetsi abwere. Mawailesi ena kabelu kawo ka alamu kamalira ngakhale ali pa batire lokhalo, koma ambiri amakhala chete, choncho magetsi akakhala kuti sanabwere pofika nthawi yodzuka, palibe chikudzutseni. Komanso pa mawailesi owerengera ku magetsi, kasungidwe ka nthawi ka pa batire n'kongoyerekeza. Magetsi akathima maola ambiri, yerekezani wotchiyo ndi foni musanagone. Batirelo muzisintha kamodzi pa chaka, wailesi ili yolumikizidwa kukhoma, chifukwa likakalamba limatulutsa madzi amene amadya tizitsulo ta m'kati.

Chizolowezi chathu chothimitsa swichi ya pa soketi pogona n'chabwino pa zipangizo zambiri, koma kwa wailesi ya alamu n'chimodzimodzi ndi kuthima kwa magetsi. Izimitseni pa batani lake lakutsogolo kuti manambala a nthawi atsale akuoneka.

Gulu lachiwiri ndi mawailesi onyamula m'manja, otchaja ndi chingwe cha foni kapena sola. M'kati mwake muli kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, monga m'wotchi ya pamkono. Amenewa alibe nazo ntchito zoti magetsi akuthamanga bwanji. Amalakwitsa masekondi owerengeka pa sabata, ndipo kuwakonza kamodzi pa mwezi n'kokwanira. Mdani wawo ndi batire lotheratu. Kwa munthu wokhala kumene magetsi amathimathima, iyi ndiyo wailesi imene ndimamulangiza kugula.

Gulu lachitatu ndi limene limasokoneza anthu kwambiri masiku ano, chifukwa achibale athu a kunja akumatumiza mawailesi otere. Pamwamba pake pamalembedwa DAB kapena DAB+. Iyi ndi njira youlutsira mawu mwa digito imene BBC inayamba kugwiritsa ntchito ku Britain m'chaka cha 1995, ndipo dziko la Norway linafika pozimitsa masiteshoni ake akuluakulu a FM m'chaka cha 2017 kuti atsale pa DAB. Pamodzi ndi mawu, siteshoni imatumizanso nthawi ndi deti, ndiye wailesi imadzitchera yokha mukangoiyatsa. Kwa inu amene mukugwira ntchito ku Britain, makamaka a mashifiti a m'bandakucha, izi n'zothandiza kwambiri. Kumeneko mawotchi amasunthidwa ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala, ndipo wailesi ya DAB imasintha yokha inu muli mtulo.

Wailesi yomweyo ikafika kumudzi zinthu zimasintha. DAB imayenda pa mafunde a pakati pa 174 ndi 240 MHz, pomwe MBC, Zodiak, Times ndi masiteshoni ena athu timawamva pa FM, pakati pa 87.5 ndi 108. Wailesi imasakasaka DAB osapeza kanthu, ndipo wotchi imangokhala pa 00:00 kudikira nthawi imene sibwera. Lowani mu MENU, mupeze pamene palembedwa Time, musankhe No update, kenako muike nthawi ndi deti ndi dzanja. Muli kusankha kwinanso kotenga nthawi ku FM, chifukwa masiteshoni ena a FM amatumiza nthawi kudzera m'njira yotchedwa RDS, ija imene imalemba dzina la siteshoni pa sikirini. Ine sindilangiza kuidalira. Wotchi ya ku siteshoni ikalakwika, yanunso imalakwika. Ndipo a ku Karonga ndi Chitipa akumbukire kuti Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, choncho siteshoni ya kutsidya kwa Songwe ikhoza kusuntha wotchi yanu inu osadziwa. Zambia ndi Mozambique tili nawo pa nthawi imodzi, ndipo sitisuntha mawotchi chaka chonse.

Wotchi ikakhala bwino, kutchera alamu n'kongoyankha mafunso amene wailesi ikufunsani limodzilimodzi. Loyamba ndi la nthawi, ndipo apa ndikupemphani chinthu chimodzi: ngati wailesi ikulola, isintheni iziwerenga maola 24. Pamenepo 4 koloko ya m'bandakucha ndi 04:00, ya masana ndi 16:00, ndipo vuto la mayi wa mandasi uja silingakuchitikireni. Ngati silola, kumbukirani kuti 12:00 AM ndi pakati pa usiku, 12:00 PM ndi masana dzuwa lili paliwombo. Zilembo zoti AM zimaonekanso pa batani losankhira mafunde, AM kapena FM. Zimenezo sizikhudzana ndi nthawi ngakhale pang'ono.

Funso lachiwiri ndi la masiku. Daily ndi tsiku lililonse, Once ndi kamodzi kokha, Weekdays ndi Lolemba mpaka Lachisanu, Weekends ndi Loweruka ndi Lamlungu. Wailesi imadziwa tsiku la sabata powerengera deti, mwezi ndi chaka chimene munaika. Mukalakwitsa chaka, ikhoza kuganiza kuti Lachitatu ndi Loweruka n'kukusiyani mugone. Amene mumagwira ntchito Loweruka musankhe Daily.

Funso lachitatu ndi limene ndimafuna anthu aziliganizira mofatsa: mudzutsidwe ndi siteshoni kapena ndi kabelu, kamene pa sikirini kamalembedwa Buzzer? Kudzuka ndi nyimbo zauzimu kapena nkhani za m'mawa n'kokoma, ndipo masiku wamba palibe cholakwika. Koma siteshoni imadalira zinthu zambiri zimene sizili m'manja mwanu. Mlongoti wawo ukhoza kukhala wozima, eriyo yanu ikhoza kukhala itapindidwa, mwana akhoza kukhala atapotokola kosakira masiteshoni. FM ikafooka imachita phokoso loti shiii, limene mwina lingakudzutseni, koma DAB ikafooka imadukaduka kenako n'kukhala zii. Pa wailesi yochokera ku Britain onetsetsani kuti alamu yasinthidwa kuchoka pa DAB kupita pa FM. Tsiku la mayeso, la basi ya m'bandakucha kapena la ulendo wa kuchipatala, sankhani kabelu. Popeza mawailesi ambiri ali ndi maalamu awiri, mungathe kutchera siteshoni pa 05:00 ndi kabelu pa 05:10. Alamu yachiwiriyo imathandizanso amene amamwa mankhwala pa nthawi imodzimodzi tsiku ndi tsiku.

Samalaninso ndi voliyumu. Mawailesi atsopano amakufunsani kukula kwa mawu a alamu paokha, koma pa aja a kopotokola, mukatsitsa mawu usiku kuti ana asadzuke, alamu ya m'mawa idzanong'ona chimodzimodzi. Mahedifoni akatsala olumikizidwa, pa mawailesi ambiri mawu amapita m'mahedifonimo. Mukamaliza zonse, fufuzani kachizindikiro ka belu pa sikirini. Kakapanda kuoneka, alamu sinatcheredwe.

Batani lalikulu la pamwamba, lolembedwa SNOOZE, limaitontholetsa alamu kwa kanthawi, kawirikawiri mphindi zisanu ndi zinayi. Mwambo wa mphindi zimenezi unachokera ku mawotchi akale a magiya, monga wotchi imene kampani ya General Electric-Telechron inatulutsa m'chaka cha 1956. Ngozi yake ndi yoti dzanja la munthu wa tulo siliona. Mukufuna SNOOZE, mumadina lozimitsiratu, ndipo pa mawailesi ena kulidina nthawi yaitali kumafufutanso alamu ya mawa. Ine ndimati wailesi ikhale pamalo poti muyenera kuimirira kuti muifike.

Batani lolembedwa SLEEP ndilo ndimamva chisoni kuti anthu saligwiritsa ntchito. Makolo athu ambiri amakonda kugona wailesi ikuyankhula, ndipo imachezera usiku wonse palibe womvera, m'mawa batire latha. SLEEP imaizimitsa yokha pakapita nthawi imene mwasankha. Mukadina kamodzi pamaoneka nambala, mukadinanso nambala imasintha: 15, 30, 60, 90, ena mpaka 120. Manambalawa ndi mphindi. Lekani kudina pa imene mukufuna, basi. Wailesi imene inkayimba maola asanu ndi atatu usiku uliwonse ikayamba kuyimba theka la ola, kusiyana kwake pa mabatire kapena pa sola mukuona sabata yomweyo. SLEEP siikhudza alamu ya m'mawa. Kungoti ngati alamu munaiuza kuti iziyatsa siteshoni yomaliza kumvera, idzakudzutsani ndi imene munagona nayo.

Mawailesi ena alinso ndi Timer kapena NAP, imene imawerenga chotsitsa kenako n'kulira. Ndi yabwino pophika chigumu kapena popumula masana. Imangokukumbutsani, siizimitsa chitofu.

Mayi uja ndisanamubwezere wailesi tinachita zimene ndimachita ndi aliyense. Tinasintha wotchi kuti iziwerenga maola 24, tinaika batire kunsi, tinatchera alamu mphindi ziwiri kutsogolo n'kudikira mpaka italira. Kenako tinaizula kukhoma kwa mphindi imodzi, n'kuibwezera kuti tione ngati yasunga nthawi. Inasunga. Pomaliza ndinamupatsa wailesiyo kuti atchere 04:00 ndi dzanja lake ine ndikuyang'ana, ndipo kabelu kataoneka pa sikirini anaikulunganso m'chitenje muja.