Nkhondo ya ku Karonga ndi katundu wodzera ku Blantyre

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, dziko lino, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, linali pa malire ndi adani. Kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, komwe lero ndi Tanzania, kunkalamulira Majeremani, ndipo panyanja anali ndi sitima yankhondo yotchedwa Hermann von Wissmann.

Nzeru yoyamba ya atsogoleri a ku Zomba inali kuchita changu. Pa 13 Ogasiti, Kaputeni Rhoades anapita ndi sitima ya Guendolen ku Sphinxhaven, kumene tsopano ndi ku Liuli, n'kukawononga sitima ija ili pamtunda poikonza. Kuyambira pamenepo nyanja inatseguka, ndipo asilikali a King's African Rifles anatha kukwera sitima mpaka ku Karonga popanda wowatsekereza.

Mu Seputembala, Kaputeni Barton anatuluka m'Karonga ndi gulu lalikulu kulowera kumpoto kukasaka adani, osadziwa kuti nawonso ali pa ulendo wobwera. Magulu awiriwo anaphonyana m'tchire. M'mawa wa pa 9 Majeremani anazinga Karonga, mutangotsala anthu ochepa, koma ochepawo analimba kwa maola angapo. Barton atamva kulira kwa mfuti kumbuyo kwake sanaumirire zomwe anakonza. Anabweza asilikali kukapulumutsa anzawo, ndipo tsiku lomwelo anakumananso ndi adaniwo pa Kasoa, nawalanda mizinga iwiri. Karonga sanagwe. Amene anagwira mfuti n'kufera pamenepo, mbali zonse ziwiri, ambiri anali anthu akuda, ngakhale maina amene analowa m'mabuku ndi a azungu.

Komatu nkhondo siinathere pomwepo, ndipo apa ndi pamene Blantyre akulowera. Njanji yochokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, inafika kuno mu 1908, ndipo inkathera konkuno. Mpunga, zipolopolo ndi mankhwala zikatsika pano, zinayenera kukafika ku Fort Johnston, ku Mangochi, kuti zikwere sitima. Kumpoto zikatsikanso, nthawi zambiri panalibe njira ina koma pamutu pa munthu. Makamaka kuyambira 1916, pamene General Northey anatsogolera asilikali kulowa m'dziko la Majeremani, boma linalamula mafumu kuti apereke amuna a mtengatenga. Pafupifupi anthu 200,000 anagwira ntchitoyi, m'dziko la anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri ankagwidwa mokakamiza, ena usiku. Ankayenda ndi njala, kamwazi ndi chibayo zinawatha, ndipo kumudzi minda inagonera.

Ine zimandiwawa kuti za anthu amenewa sitikambako kawirikawiri, chonsecho popanda iwo msilikali sakanadya kapena kuwombera.

Mmodzi anaona zimenezi zisanafike poipa. Mu Novembala 1914, M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times ya mu Blantyre muno, kufunsa chomwe munthu wakuda adzapindule pokhetsa mwazi pa nkhondo ya eni ake, kusiya akazi amasiye ndi ana. Boma linatsekereza kalatayo. Patangopita miyezi iwiri, mu Januwale 1915, anthu ake anaukira boma, nathyola nyumba yosungiramo zida ya kampani ya African Lakes pa Mandala, ndipo boma linachita kuitanitsa ena mwa asilikali a ku Karonga kuti adzathandize kuzimitsa kuukirako.