Shortbread si buledi wamfupi ayi

Abale, zaka ndi zaka ndakhala ndikumva zoti shortbread amatchedwa choncho chifukwa ndi buledi wodulidwa mfupimfupi, ena mpaka amati muli yisiti. Zandikwana, ndiye lero ndinenepo.

Awa ndi mabisiketi a ku Scotland, ndipo mawu oti short m'chizungu cha ophika amanena chinthu chofumbutuka chifukwa cha mafuta ambiri, osati kutalika. Batala amakuta ufa wa tirigu, ndiye mtanda sutanuka ngati wa buledi, ukangoluma kamanyenyeka m'kamwa, tizidutswa mbwee pa malaya. Muyezo wodziwika ndi gawo limodzi shuga, awiri batala, atatu ufa, poyeza kulemera, basi, yisiti mulibe, mazira mulibe. Kaphikidwe kake kanasindikizidwa kale mu 1736 ku Scotland komweko, ndipo amakonda kudya pa Khirisimasi ndi pa Hogmanay, chikondwerero chawo cha chaka chatsopano. Maonekedwe alipo atatu otchuka, aataliatali ngati zala aja obayidwa ndi foloko, ozungulira, komanso petticoat tails, chimbale chachikulu chodulidwa makona atatuatatu. Onsewo dzina ndi lomwelo, kaya aatali kaya aafupi.

Musangokhulupirira ine. Tembenuzani paketi muwerenge zomwe aikamo, tsegulani dikishonale pa mawu oti short muone matanthauzo onse, kapena phikani kawiri, kwina batala wokwanira kwina wochepa, mumva nokha kusiyana pa dzino. Chonde, zomwe simunafufuze musamazitumize m'magulu a WhatsApp, ana athu amazitola n'kumaziyesa zoona.