Jakisoni wochiza munthu wopanda chisoni kulibe

Pempho limene ndatopa nalo m'chipinda choonera odwala matenda a maganizo ndi ili: "Adokotala, ingom'bayani jakisoni kuti asinthe." Amene akunenedwayo ndi bambo wamkulu ndithu. Wabera abale ake onse, wamangidwapo kangapo, amamenya mkazi wake, ndipo mukam'funsa amayankha kuti wolakwa ndi amene anasiya ndalama poyera. Jakisoni woteroyo kulibe, kuno kwathu ngakhale kunja.

Vutoli madokotala timalitcha antisocial personality disorder. Si misala. Munthuyu samva mawu a anthu osaoneka, mutu wake suzungulira, amadziwa bwinobwino kuti kuba n'kulakwa, ndipo kawirikawiri amakhala wa pakamwa pokoma. Chimene alibe ndi kulabadira kuti mnzake akumva kuwawa. Buku la DSM-5 lofotokoza matenda a maganizo, limene bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa mu 2013, limatchula zizindikiro 7, ndipo munthu ayenera kukhala ndi zosachepera zitatu: kuswa malamulo mobwerezabwereza, bodza ndi chinyengo, kuchita zinthu mopupuluma, ndewu, kusasamala za moyo wake kapena wa ena, kusiya ntchito ndi ngongole panjira, komanso kusamva chisoni akapweteka wina. Amuna ndiwo ambiri kuposa akazi.

Koma pali mfundo ziwiri zimene anthu amadumpha. Dzinali sitipatsa munthu wosakwana zaka 18, ndipo payenera kukhala umboni woti khalidweli linayamba asanakwanitse zaka 15. Ndiye ngati mwamuna wanu anali wofatsa moyo wake wonse kenako n'kusintha mwadzidzidzi, kuyamba kutukwana, kumwaza ndalama, kusagona usiku, musathamangire dzinali. Akhoza kukhala matenda a bipolar (osinthasintha pakati pa kusangalala mopyola muyezo ndi kukhumudwa kwambiri), kuvulala kwa ubongo pa ngozi ya kabaza, chindoko kapena HIV imene yafika ku ubongo, kapenanso chamba ndi mowa. Zambiri mwa zimenezi zili ndi mankhwala, ndipo kuchedwa kumawononga. Bwerani naye sabata yomweyo.

Pali mnyamata wina amene nkhani yake imandivutabe mpaka lero. Amayi ake anabwera naye ali ndi zaka 11. Ankaba makobiri a m'thumba la agogo ake, ankathawa sukulu, ankagona kunja osatsanzika, ndipo tsiku lina anamangirira mphaka pamtengo n'kumuthira palafini. Amayiwo ananena za mphakayo pomalizira, ngati nkhani yaing'ono, pamene ine ndinaona kuti nkhani yaikulu ndi imeneyo. Tinagwirizana kuti azibwera ndi bambo ake, tiziphunzira pamodzi mmene angamulerere. Kumudzi akuluakulu anati ndi ubwana chabe, asiya akakula. Malume ake anam'tenga kuti akamuwongole ndi chikoti. Zitakanika anapita naye kwa sing'anga, amene anati mwanayo anam'lodza ndi azakhali ake. Anam'temera mphini pachipumi ndi pachifuwa, mbuzi ziwiri zinapita, ndipo banja linadana mpaka kusaitanana pamaliro. Ndinadzamuonanso ali wamkulu, atatuluka kundende, zipsera za mphini zija zikuonekabe. Mkazi wake anali ndi mkono wothyoka. Amayi a mnyamata uja anafunsa za jakisoni.

Ali ndi zaka 11 tikanatha kuchitapo kanthu. Mwa ana vutoli timalitcha conduct disorder, ndipo si mwana aliyense amene ali nalo amakula n'kukhala ndi antisocial personality disorder. Katswiri wina wa ku America, Lee Robins, anafufuza ana oposa 500 amene anaonedwapo pa kiliniki ya ana ku St. Louis, n'kuwalondola patapita zaka pafupifupi 30. Zimene anafalitsa mu 1966 zinaonetsa kuti vuto la akuluakululi mizu yake imakhala ku ubwana, komanso kuti ana ambiri ovuta sanafike pokhala otero. Mpata ulipo. Chibadwa chimatengapo mbali, inde, koma nkhanza, kunyalanyazidwa, uchidakwa wa makolo ndi chilango cha lero chikoti mawa osalabadira zimasonkhezera moto.

Timakonda kunena kuti kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo n'zoona, koma ambiri akatero amatanthauza kukwapula. Mwana wotereyu chikoti sichimuopsa, chimangom'phunzitsa kuti wamphamvu ndiye wolungama. Chimene chimathandiza ndi maphunziro a makolo: malamulo ochepa omveka bwino, chilango chodziwikiratu chosasinthasintha, kuyamikira msanga akachita bwino, kudziwa kumene ali ndi amene akuyenda nawo, ndiponso kugwirana manja ndi aphunzitsi. N'zotopetsa ndipo zimatenga miyezi, koma ndizo zili ndi umboni.

Kwa wamkulu, bungwe la NICE la ku Britain, lopereka malangizo a zachipatala, linalangiza mu 2009 kuti pasamaperekedwe mankhwala mwachizolowezi pofuna kuchiza vutoli. Timapereka mankhwala pa matenda ena amene ali nawo, monga kukhumudwa kwakukulu, ndipo timalimbana ndi kachasu ndi chamba chifukwa ndizo zimakulitsa ndewu. Thandizo lenileni ndi uphungu wa m'magulu wophunzitsa munthu kuima kaye asanachite chinthu. Umagwira pang'onopang'ono, ndipo mwiniwake ayenera kufuna. Kwa ena ndewu ndi milandu zimachepa akamayandikira zaka 40, ngakhale kuuma mtima kumatsalira.

Choncho aliyense wokuuzani kuti achotsa khalidweli ndi mizu, mphini, mafuta odzozedwa kapena kumangirira munthu unyolo kumapemphero akukudyerani ndalama. Pempherani, sindikuletsani, koma musagulitse munda. Ndipo inu amayi amene mukumenyedwa, ankhoswe akamati pirirani akudwala, dziwani kuti vutoli silichotsera munthu mlandu. Pitani ku Victim Support Unit kupolisi. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 limakulolani kupempha khoti kuti likutetezeni pamodzi ndi ana.

Ngati muli ndi mwana wozunza ziweto, woyatsa moto dala, wakuba ndi wonama mopanda manyazi kwa miyezi yambiri, yambirani pa chipatala cha boma lanu mufunse namwino kapena kiliniko ofisa wa matenda a maganizo. Iwo akhoza kukutumizani ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Bwerani makolo nonse ngati n'kotheka, mutenge malipoti a kusukulu, ndipo musabise kalikonse ka zimene zimachitika kunyumba, ngakhale zochititsa manyazi.